Fumbi la nyenyezi mu Fomu 3

Sabata ino Fomu 3 yanga inali pa carbon ndi silicon. Lolemba linathera pa bolodi, ana akungokopera. Lachiwiri ndinabwera ndi mchenga wa ku Senga Bay, n'kuuthira pa pepala lakuda, kagalasi kokulitsira zinthu kamodzi komwe tili nako kakuyenda desiki ndi desiki. Timiyala toyera tonyezimira tija ndi quartz, silicon wogwirana ndi oxygen. Mtsikana wina wakumbuyo anakweza dzanja. "Aphunzitsi, kodi kunja kwa dziko lathu mchenga ulikonso?"

Funso limeneli ndinalisungira kalabu ya sayansi ya Lachitatu masana, ndipo tinaweruka dzuwa litapendeka.

Nyenyezi yonga dzuwa lathu ikakalamba imafufuma, kunja kwake kumazizira, n'kuyamba kutaya mpweya wake mumlengalenga. Mpweyawo ukatalikira n'kuzizira mokwanira, umaundana kukhala tifumbi tosaoneka ndi maso. Chimene chimandikoka mtima ndi mmene mtundu wa fumbilo umadziwikira. Carbon ndi oxygen amathamangira kugwirana n'kupanga carbon monoxide, mpweya womwe uja umapha anthu akagona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Amagwirana mmodzimmodzi mpaka wochepayo atatha, ndipo wotsalayo ndiye amapanga fumbi. Akatsala oxygen, monga pa nyenyezi ya Mira, pamatuluka ma silicate ndi aluminium oxide, abale ake a mchenga wathu. Akatsala carbon pamatuluka mwaye ndi silicon carbide, silicon wogwirana ndi carbon. Nyenyezi ya CW Leonis inadzikuta ndi mwaye wochuluka moti anaitulukira mu 1969 ndi makina oona kuwala kwa infrared, kumene maso athu sakuona.

Lachinayi mu sitafu mnzanga wa masamu anandiuza kuti ndikutayitsa ana nthawi, zimenezi sizibwera pa mayeso. Ndimamumvetsa, silabasi ndi yaitali. Koma sindinavomere. Mwana amene wamvetsa kuti chochepacho chikatha chotsala ndicho chimalamula, sadzavutika tikadzafika powerengera ma mole, muyeso wa kuchuluka kwa zinthu mu chemistry. Ndinamuuzanso za mwala umene unagwa kuchokera kumwamba ku Murchison, ku Australia, mu 1969. M'kati mwake anapezamo timbewu ta silicon carbide, ndipo kafukufuku wa mu 2020 anaonetsa kuti tina tili ndi zaka pafupifupi 7 biliyoni, pamene dzuwa lili ndi 4.6 biliyoni. Fumbili anthu aligwira ndi kuliyeza mu labu.

Lachisanu, pansi pa kamayeso ka sabata, ndinaonjezera funso lopanda malikisi: dzuwa lili ndi oxygen wochuluka pafupifupi kawiri kuposa carbon, ndiye likadzakalamba lidzatulutsa fumbi lotani? Ambiri analemba silicate. Mnyamata wina analemba m'munsi kuti akufuna kudziwa ngati carbon angachuluke nyenyezi ili mkati mokalamba. Angachuluke ndithu, pa nyenyezi zina zolemera kuposa dzuwa, akamavundukira pamwamba kuchokera m'kati. Tidzayambira pamenepo Lachitatu likudzali.