Gift Ngoepe, mwana wa ku Randburg

Abale a ku Joni, makamaka inu okhala ku Randburg, dzina loti Gift Ngoepe mumalidziwa? Mkuluyu anakulira pabwalo la baseball (masewera omenya mpira ndi ndodo) la kilabu ya Randburg Mets. Mayi ake ankagwira ntchito m'nyumba ya kilabuyo, ndiye banja lonse linkagona m'kachipinda kamodzi pompo. Kungotsegula chitseko, wafika kale m'bwalo.

Mu 2008 timu ya Pittsburgh Pirates ya ku America inamusainitsa. Koma musaganize kuti zinayenda msanga ayi. Anatha zaka zoposa 8 m'maligi ang'onoang'ono, maulendo a pa basi, malipiro ochepa, mpaka mayi ake anamwalira mu 2013 asanamuone mu ligi yaikulu ya baseball ya ku America, yotchedwa MLB. Kuwakha ndi kuponya ankatha kwabasi, pomenya mpira ndi pomwe pankavuta.

Pa 26 Epulo 2017 mwayi unapezeka. Ulendo woyamba kugwira ndodo, anamenya mpira woponyedwa ndi Jon Lester wa timu ya Chicago Cubs n'kufika bwinobwino pa first base, malo oyamba omwe womenya mpira amathamangirako. Munthu woyamba wobadwira ndi kukulira kuno ku Africa kusewera mu MLB!

Sanakhalitse, mu 2018 anasewerako pang'ono ku Toronto Blue Jays basi. Ena amati analephera, ine ndiye ndikukana. Mng'ono wake nayenso Pirates inamusainitsa.