Ulendo wa ku Lynchburg: kodi aku America amaphunzira chani za maiko ena?

Ku America ndinapita kukaona achemwali anga omwe amakhala ku Virginia, chakufupi ndi Washington DC, koma chomwe chinkandidya mumtima kwenikweni chinali kukaponda ku Lynchburg. Kumeneko ndi komwe John Chilembwe anaphunzira, uja ali pa K500 yathuyi. Anachoka kwathu mu 1897 limodzi ndi Joseph Booth, n'kukalowa pa Virginia Theological Seminary and College, kenako n'kubwerera mu 1900 kukayambitsa mishoni ya Providence Industrial Mission (PIM) ku Mbombwe ku Chiradzulu. Zimenezi tinaloweza tonse kusukulu ndipo ine ndinkafuna ndikangoona ndi maso anga kuti malo akewo ndi otani.

Koma nkhani yomwe yandipangitsa kulemba lero ndi ina. Munthu ukamayenda ku America funso loti "ndinu ochokera kuti" silisowa, amafunsa mu shopu, mu sitima, ku tchalitchi, ndipo ukati Malawi umaona nkhope ija ikusakasaka penapake. Ena amati Mali? Ena akuluakulu amakumbuka Madonna basi. Wina anandifunsa ngati kwathu ndi kufupi ndi Nigeria poti ali ndi mnzake wa ku Lagos, mwina ndikumudziwa. Sanali anthu amwano ayi, ambiri ankafunsa mwaulemu ndithu ndipo ena ankatulutsa foni pompo n'kuyamba kusaka pa mapu. Ine zinangondipatsa chidwi kuti kodi anthuwa kusukulu amawaphunzitsa chani, dziko lolemera chonchi, lokhala ndi akazembe ndi asilikali pafupifupi kulikonse.

Mwayi wake mwana wa achemwali ali ku sekondale, ndiye madzulo ena ndinamuuza kuti tabweretsa mabuku ako a History tione. Anandiyang'ana modabwa amvekere, "Ankolo, buku lake liti, zonse zili mu laputopu." Chabwino, tinatsegula laputopuyo.

Choyamba chimene ndinamva n'choti ku America kulibe silabasi imodzi ya dziko lonse. Kulibe MANEB yawo yoti mwana wa ku Texas ndi wa ku New York alembe pepala limodzi la History tsiku limodzi. Zigawo zonse 50 za dzikolo chilichonse chimakonza zake, ndipo pansi pake pali maofesi a maphunziro a m'madera oposa 13,000 omwe nawonso ali ndi mphamvu posankha mabuku ndi kagawidwe ka maphunziro. Gawo lina lalikulu la ndalama zoyendetsera sukulu limachokera ku misonkho ya nyumba za m'deralo, ndiye sukulu ya kumayadi ndi ya kudera losauka zimasiyana kutalitali ngakhale zili mu chigawo chimodzi. Munthu akakuuzani kuti "aku America saphunzira Geography" mufunseni kuti aku America ake ati.

Ku Virginia ali ndi zomwe amazitcha Standards of Learning, ana amangoti SOL. Mwana ali wamng'ono, cha mu giredi 3, amamuphunzitsako za Egypt, China, Greece, Rome ndi ufumu wakale wa Mali, uja wa Mansa Musa ndi Timbuktu. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake dzina la Mali limawabwerera msanga. Giredi 4 chaka chonse ndi Virginia yekhayekha, mitsinje yake, Jamestown 1607, fodya, akapolo oyamba kufika mu 1619, Jefferson, Washington. Kenako zaka ziwiri mbiri ya America, kenako za boma ndi malamulo. Ku sekondale ndi komwe dziko lonse lapansi limalowa, World History yoyamba imayambira kumapanga mpaka 1500, yachiwiri kuchokera 1500 mpaka lero. Ndiye tamverani izi, kuti mwana atenge satifiketi wamba ya sekondale ku Virginia amafunika kosi ya mbiri ya America, kosi ya boma la America, ndi kosi imodzi yokha ya mbiri kapena Geography ya maiko ena. Amene akufuna satifiketi yapamwamba amatenga ziwiri. Kutanthauza kuti mwana atha kumaliza sukulu bwinobwino ataona dziko lonse lakunja kwa chaka chimodzi basi, China, India, Aroma, Aluya, Africa, zonse kuzipanikiza mmenemo.

Africa alimo, ndisaname. Ndinaona Axum, Ghana wakale, Songhai, Great Zimbabwe, malonda a akapolo, msonkhano wa ku Berlin wa 1884 pomwe azungu anagawana Africa, kenako Kenyatta ndi Mandela. Koma ndi zongodutsa, lero Songhai mawa ali ku Japan. Nyasaland, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, Maravi, palibe ndipo sindinayembekezere kuti zikhalemo. Chomwe chinandiseketsa n'choti mtsikanayu anati kukalasi kwawo Malawi anamutchulapo kamodzi, osati mu History koma mu phunziro la Chingerezi ali ku pulayimale ya kumtunda, pomwe ankawerenga nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu uja anapanga makina a magetsi oyendera mphepo. Akuti tsiku limenelo aphunzitsi anamuimiritsa kuti afotokoze za nsima, iye kuchita manyazi mpaka kufuna kulowa pansi pa desiki.

Ine ndikakumbuka zathu za MSCE mutu umazungulira. Tinkaloweza ulimi wa tirigu ku Prairies ku Canada, ng'ombe za mkaka ku Denmark, Gezira ku Sudan, mafakitale a galimoto ku Detroit, pangano la Versailles 1919, League of Nations, Hitler, Lenin, zonsezo tili pa benchi yothyoka mwendo buku limodzi anthu asanu. Ndinkadziwa kutchula nyanja zisanu zikuluzikulu za ku North America ndisanaonepo ngakhale Nyanja ya Chilwa. Alamu anga anati, "Alamu, musadzitame, inu munkaphunzira za iwo chifukwa silabasi anakusiyirani ndi Angelezi, komanso amene ali ndi ndalama sasowa kudziwa komwe wosauka amagona." Ndinatsutsa pang'ono koma mfundo inalipo.

Tsiku la ulendo ndinakwera sitima ya Amtrak, imayambira kumtunda uko kudutsa Washington n'kutsetsereka kumwera, maola atatu ndi kanthu kuti ufike ku Lynchburg. Inali nthawi yomwe masamba amafiira, mitengo yonse yofiira ndi yachikasu, ndipo ukadutsa Culpeper kumanja umayamba kuona mapiri a Blue Ridge akuoneka obiriwira motuwa chapatali. Siteshoni iliyonse ili ndi mbiri yake, Manassas ndi pomwe panamenyedwa nkhondo ziwiri zikuluzikulu mu 1861 ndi 1862 pa nkhondo yawo yapachiweniweni, Charlottesville ndi kwawo kwa Jefferson, pulezidenti wawo wachitatu. Ndinakhala moyandikana ndi mayi wina wachikulire yemwe, mwamwayi wanga, anali mphunzitsi wopuma wa Social Studies. Ameneyu Malawi ankamudziwa, anati mnzake wa ku koleji anapitako ndi Peace Corps, omwe anayamba kubwera kwathu mu 1963.

Ndinamufunsa mosabisa kuti amayi, n'chifukwa chani anthu anu ambiri mapu amawavuta. Sanakhumudwe, anachita kuusa moyo n'kuyamba kulongosola. Anati vuto lalikulu m'nthawi yake linabwera ndi lamulo lija la No Child Left Behind lomwe George W. Bush anasaina mu 2002. Lamulolo linkayeza sukulu potengera mayeso a kuwerenga ndi masamu, sukulu ikalephera imaona zakuda, ndiye mahedi ambiri makamaka ku pulayimale anayamba kudula nthawi ya History ndi Geography kuti ana azikonzekera mayeso aja. Phunziro lomwe silikuyezedwa limakankhidwira ku Lachisanu masana. Anatinso Geography payokha inafooka kalekale, inamezedwa mu chinthu chimodzi chotchedwa Social Studies, ndipo ngakhale Harvard inatseka dipatimenti yake ya Geography mu 1948. Aphunzitsi ambiri omwe amaphunzitsa phunziroli anaphunzira History, mapu amangowadutsa.

Manambala ake alipo ndipo ndi aku America eni ake omwe amadziyeza, pamenepo ndiwayamikire. Mu 2006 National Geographic inachititsa kafukufuku pa achinyamata a zaka 18 mpaka 24, ndipo oposa 6 mwa 10 aliwonse analephera kuloza Iraq pa mapu, nthawi imeneyo asilikali awo ali komweko akumenya nkhondo chaka chachitatu. Afghanistan ndiye pafupifupi 9 mwa 10 analephera. Theka linalephera kuloza ngakhale chigawo chawo chomwe cha New York. Mayeso ena a boma otchedwa NAEP mu 2018 anapeza kuti mwana mmodzi yekha mwa anayi a giredi 8 ndi amene anafika mulingo woti akuidziwa bwino Geography.

Komabe mayiwa anandichenjeza kuti ndisaone mbali imodzi. Ana omwe amatenga makosi a AP, aja a mulingo wa ku koleji koma ali ku sekondale, monga AP World History kapena AP Human Geography, amaphunzira zakuya zedi, amapatsidwa makalata akale ndi mapu kuti asanthule okha n'kulemba maganizo awo, zomwe ife sitinkachita, ife kunali kukopera manotsi pa bolodi n'kukawasanza pa mayeso. Ndiye mu sukulu imodzi yomweyo mupeza mwana woti akhoza kukufotokozerani za malonda a pa nyanja ya Indian pakati pa Kilwa, Sofala ndi India, pomwe mnzake khomo linalo akuganiza kuti Africa ndi dziko limodzi lokhala ndi pulezidenti mmodzi. Anadandaulanso za mapu aja a Mercator omwe amapachikidwa m'makalasi, oonetsa Greenland ngati ikufanana ndi Africa chonsecho Africa ndi yaikulu kuchulukitsa ka 14. Sukulu za boma ku Boston zinayamba kusintha mapu amenewa mu 2017.

Lynchburg ndi tauni ya zitunda, ili m'mbali mwa mtsinje wa James, ukatsika pa siteshoni ya Kemper Street umangoyamba kukwera ndi kutsika. Sukulu ya Chilembwe ikadalipo, pano imatchedwa Virginia University of Lynchburg, ndi yaing'ono, ya anthu akuda a mpingo wa Baptist kuyambira kale. Ndinayenda pang'onopang'ono pamenepo ndikuganiza za mnyamata wa ku Chiradzulu atafika kuno zaka 32 zokha chithereni nkhondo yomwe inathetsa ukapolo, nthawi yomwe malamulo a tsankho ankakhwima kumwera konse. Akatswiri a mbiri amati kuno n'komwe anamva za John Brown, mzungu uja anaukira ku Harpers Ferry mu 1859 kufuna kumasula akapolo n'kunyongedwa, ndipo ena amafanizira zimenezo ndi zomwe Chilembwe anachita pa 23 January 1915. Amishonale akuda aku America, Landon Cheek ndi Emma DeLany, anamutsatira mpaka ku Mbombwe kukathandiza. Kamuzu nayenso anadutsa ku Wilberforce ku Ohio, Chicago, n'kumaliza udokotala ku Meharry ku Nashville mu 1937. Mbiri yathu ndi yawo zinalukana chonchi koma m'makalasi awo simungazipeze, John Brown aliyense amamudziwa, Chilembwe ayi.

Mawa lake ndinapita ku Appomattox, sipatali ndi Lynchburg, pomwe General Lee wa asilikali a kumwera anagonja kwa General Grant wa kumpoto pa 9 April 1865, kumapeto kwa nkhondo yapachiweniweni ija. Apa ndiye ndinaona mbali yomwe aku America amaidziwa. Panali ana a sukulu abwera pa basi yachikasu, ndipo mafunso omwe ankafunsa wowalondolera uja, eee, mayina a akuluakulu a nkhondo, chifukwa chake asilikali ogonja analoledwa kupita ndi mahatchi awo, tiana tating'ono koma tikudziwa. Zakwawo amazidziwa ndipo amazisamala, kanyumba kalikonse kali ndi chikwangwani, m'mbali mwa misewu ya ku Virginia muli zikwangwani zambirimbiri zofotokoza zomwe zinachitika pamalopo. Ndinalakalaka ku Mbombwe ndi ku Magomero kukanakhala chonchi.

Alamu anga anasiya kalekale kukwiya ndi funso lija loti Malawi ali kuti. Amangoyankha kuti Malawi ali pakati pa Tanzania, Zambia ndi Mozambique, kukula kwake ngati Pennsylvania, ndipo akuti Pennsylvania yo ndi imene imagwira ntchito, munthu amagwedeza mutu nthawi yomweyo. Ndinayesa njira imeneyi kwa dalaivala yemwe ananditenga pobwerera ku Appomattox koma sanadikire kuti ndimalize, anangofuula kuti Lake Malawi! Kunyumba kwake amaweta nsomba mu galasi, mbuna zathu zomwe zija za ku Cape Maclear, ndipo ankadziwa mayina ake achilatini, kuti zimasunga ana mkamwa, kuti zimafuna madzi otani. Anandionetsa zithunzi pa foni galimoto ili pa maloboti. Ndinamufunsa ngati anaphunzira zimenezi kusukulu, anaseka n'kunena kuti ayi, ku shopu ya ziweto ndi pa YouTube. Likulu la dziko lathu sankalidziwa, koma anandifunsa ngati ndi zoona kuti chambo chikuchepa m'nyanjamo.