Sabata ya madzi oyera m'chifuwa

Lolemba mu wodi ya abambo tidalandira bambo wina wopuma movutikira, mbali ya kumanja ya chifuwa itadzaza madzi. Kuno madzi m'chifuwa timayamba taganizira TB. Koma adokotala atalowetsa paipi pakati pa nthiti, m'botolo mudatsikira madzi oyera ngati mkaka, opanda fungo la mafinya. Ku labu adapezamo mafuta a triglyceride opitirira 110 mg/dL, umboni woti ndi chylothorax, vuto loti madzi onyamula mafuta kuchokera m'matumbo akuchuchira m'chifuwa.

Mafuta a m'chakudya akachoka m'matumbo amadzera mu thoracic duct, kamtsempha kopyapyala kokwera kuchokera m'mimba, kutsata msana, mpaka kukathira m'magazi m'munsi mwa khosi chakumanzere. Kakabooka pa opaleshoni kapena pangozi, kapenanso kakatsekedwa ndi lymphoma (kansa ya mwanabele), kansa ya Kaposi kapena TB, madziwo amachuchira m'chifuwa. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti amatuluka limodzi ndi mapulotini ndi maselo oteteza thupi, ndiye wodwala amangouma tikumuona.

Ntchito yaikulu sabata ino sinali paipi ayi, inali chakudya. Mafuta akachuluka m'mbale, madzi amachulukanso m'botolo, bala la mtsemphawo osapola. Lachitatu ndidapeza akazi awo akuwadyetsa phala lansinjiro, peyala lili pambali.

"Mayi, nsinjiro, mapeyala, mkaka ndi mafuta ophikira tisiye kaye."

"Anamwino, munthu wawonda chonchi, ndiye ndizimupatsa ndiwo zongowiritsa?"

Sadalakwe kufunsa. Kulikonse wodwala TB kapena wowonda timauza agadiyani kuti atendere ndiwo, lero tikuwaletsa. Ndidawaonetsa botolo: madzi a m'mawa anali opyapyala, a pambuyo pa phala lija ali mbuu. Adaliyang'ana nthawi yaitali, kenako adafunsa zoti aphike. Tidagwirizana nsima, nyemba zopanda mafuta, masamba owiritsa, nthochi ndi choyera cha dzira. Mafuta apadera otchedwa MCT akadathandiza, chifukwa amapita kuchiwindi osadzera mumtsempha wobookawo, koma sapezeka wamba.

Pofika Lachisanu madzi adali atachepa ndithu. Akadapitirira lita imodzi tsiku lililonse, a opaleshoni akadaganiza zomanga mtsemphawo. Makina oyezera TB otchedwa GeneXpert sadaipeze, choncho adacheka kachidutswa ka mwanabele wa pakhosi n'kutumiza kokayeza. Ngati ndi lymphoma, mankhwala a kansa ayenera kuyamba msanga bamboyu asanafooke kwambiri, ndipo zimenezi ndazilemba mu lipoti la anzanga ogwira kumapeto kwa sabata.