Laputopu ya pa shopu imatumiza zinthu panja ine osadziwa

Sabata yathayi tulo ndimachita kukakamiza chifukwa cha laputopu ya pa shopu, ndiye ndati ndilembe pano mwina wina amene ali ndi kabizinesi ngati kanga zingamuthandize. Shopu yanga ili ku Ndirande chakufupi ndi msika, timatayipa, kupulinta ndi kupanga fotokope, ndipo tsiku ndi tsiku anthu amabwera ndi ma CV, makalata ofunsira ntchito, ena kudzasikana chitupa cha unzika kapena satifiketi ya MSCE kuti titumize pa imelo. Zonsezi zimadutsa mu laputopu imodzi yomweyi.

Chinanditsegula maso ndi bandulo. Ya 10GB yomwe nthawi zonse imandifikitsa kumapeto kwa mwezi inatha pa masiku 6 okha, ine osaonera filimu olo imodzi. Poyamba ndinkaloza chala a netiweki, ndinagulanso ina koma nayonso imangotsika ngati madzi a mu ndowa yobooka. Ndiye tsiku lina madzulo ndikufuna kutseka ndinaona kagetsi ka pa MiFi kakungophethira osapuma, pomwe Chrome nditatseka, WhatsApp nditatseka, foni yanga osalumikiza n'komwe. Mtima unangoti phaa.

Ndinaimbira alamu anga amene amagwira za makompyuta cha ku Ginnery Corner. Iwo anati, "Alamu musathamangire kufomata, tione kaye kuti makinawo akulankhula ndi ndani." Anabwera Loweruka masana ndi kafulashi kawo m'thumba.

Choyamba anadina Windows ndi R nkulemba resmon, panatseguka Resource Monitor, nkupita pa Network. Pamenepo pulogalamu iliyonse yomwe ikugwiritsa intaneti imaoneka, mbali ina Send mbali ina Receive. Anandifotokozera kuti kompyuta ya munthu wamba imalandira zambiri kuposa zomwe imatumiza, pokhapokha ngati ukukweza mafayilo pa OneDrive kapena Google Drive, zomwe ine sindipanga. Koma apa panali chinthu china cholembedwa svchost.exe, manambala ake a Send akungothamanga, ife titangokhala manja pa miyendo osakhudza kalikonse. Kuonera zimenezo ndi maso ako kumawawa ndithu, chifukwa ukudziwa kuti chomwe chikutulukacho ndi chako kapena cha makasitomala ako.

Dzina limeneli ndi lomwe limapusitsa anthu. svchost.exe ndi ya Windows yeniyeni ndipo mu Task Manager, momwe mumaoneka mapulogalamu onse omwe akugwira ntchito, mumapezeka zambirimbiri, munthu ukangozimitsa mwachisawawa utha kusokoneza makina. Alamu anatsegula Command Prompt ngati administrator nkulemba netstat -ano, panatuluka mndandanda wa ma adiresi akunja omwe laputopu yalumikizana nawo, ena olembedwa ESTABLISHED kutanthauza kuti njira ndi yotseguka pompano, ndipo kumapeto kwa mzere uliwonse kuli nambala yomwe amati PID, yozindikiritsa pulogalamu yomwe yatsegula njirayo. Nambala ya svchost.exe yokayikitsa ija anakaifufuza mu Task Manager pa Details, nkudina kumanja pa Open file location. svchost.exe yeniyeni imakhala mu C:\Windows\System32. Yathuyi inatitengera mu AppData\Roaming, mu kafoda ka dzina la zilembo zosakanikirana zosawerengeka. "Alamu, mlendo wanu ndi uyu," anatero.

Fayilo ija anaikweza pa VirusTotal, malo omwe amaiyeza ndi ma antivayirasi ambiri nthawi imodzi, ndipo sikirini inadzaza zofiira. Apa ndichenjeze, pa VirusTotal muzikwezapo pulogalamu yokayikitsayo yokha, osati zikalata za anthu, chifukwa zomwe mwakweza akatswiri ena amatha kuziona.

Tinazimitsa MiFi kaye kuti chisapitirize kutumiza. Ine ndimaganiza kuti kungodina End task ndi kudilita ndiye kuti zatha, koma titayatsanso laputopu chinabweranso, foda ina dzina lina. Ndiye anatulutsa Autoruns pa fulashi yawo, kapulogalamu kaulere ka Microsoft ka gulu la Sysinternals komwe kamaonetsa chilichonse chomwe chimadzuka chokha Windows ikamayaka, ndipo mu Scheduled Tasks tinapezamo ntchito ina yodzitcha update, yopanda dzina la kampani yomwe inaipanga, ikuloza ku AppData komwe kuja. Muzu unali umenewo.

Chomwe chinandikwiyitsa kwambiri ndi ichi. Mu Windows Security, pa Exclusions, foda yonse ya AppData inali itaikidwa kuti Defender, antivayirasi ya Windows, asamaione, ndiye nchifukwa chake ndikasikana imangondiuza kuti zonse zili bwino. Ndinakumbuka kuti miyezi iwiri yapitayo mnyamata wina anandiikira pulogalamu ya kiraki (yothyoledwa kuti izigwira osalipira) yokonzera zithunzi za pasipoti, ndipo anandiuza kuti tizimitse kaye antivayirasi chifukwa imasokoneza. Ndinavomera poti yogula ndi yodula ndipo aliyense kuno amapanga choncho. Khomo linatsegukira pamenepo.

Tinachotsa exclusion ija, ntchito ya mu Task Scheduler, mafoda onse awiri komanso kiraki yomweyo. Kenako Microsoft Defender Offline scan, yomwe imazimitsa laputopu nkusikana Windows isanadzuke kuti vayirasi asapeze pobisala, imatenga mphindi ngati 15. Pamwamba pake tinadutsitsa mapulogalamu ena osaka mavayirasi, Malwarebytes ndi AdwCleaner, zinapezanso ka extension ka mu Chrome komwe sindinaikeko ine. Alamu ananena poyera kuti ikangoonetsanso chizindikiro china tisunga mafayilo pambali nkuika Windows yatsopano, chifukwa makina omwe analowedwa sungawakhulupirire kotheratu.

Kuchotsako sikubweza zomwe zinatuluka kale. Mapasiwedi anga onse anali osungidwa mu Chrome, a Gmail, a Facebook ya shopu, ngakhale a ku banki. Ndinawasintha onse usiku womwewo kudzera pa foni osati pa laputopu, nkutulutsa zipangizo zonse zomwe zinali zolowa mu akaunti, nkuyatsanso zija zoti ukamalowa azikutumizira kodi.

Koma chondilemera mpaka pano ndi foda ya pa desikitopu yomwe ndinkasungamo zosikana za anthu. Ndinkati ndikuwathandiza, kuti munthu akabweranso asavutike kusikana kachiwiri. Munali zitupa, masatifiketi, makalata a kuchipatala, ma CV okhala ndi manambala a foni ndi komwe munthu amakhala. Komanso ambiri amalowa mu imelo yawo pa laputopu yomweyi. Ndiye Lolemba ndinayamba kuuza aliyense yemwe ndikumukumbuka. Mayi ena achikulire omwe amabwera kudzatumiza zikalata za mwana wawo ndinawauza kuti, "Mayi, pepani, makina anga analowedwa ndi vayirasi woba zinthu, mwana wanu asinthe pasiwedi ya imelo lero lomwe, ndipo wina akakuimbirani akutchula nambala ya chitupa chanu nkumapempha PIN ya Mpamba kapena Airtel Money musamuuze." Anakhala chete kaye, kenako anatulutsa foni nkuimbira mwanayo ali pompo pa kauntala.

Foda ija ndafufuta. Pano ndikasikana ndi kutumiza ndimadilita kasitomala akuona, ndipo m'mawa uliwonse ndisanayambe ntchito ndimatsegula resmon nkuyang'ana Send kwa kamphindi. Lero ndi tsiku lachisanu ili zii, ndipo ndatsala ndi anthu ngati khumi oti ndiwapeze ndiwauze.