Mmene ndimawerengera ndalama zoika mu HSA ku America

Ndisanaike ndalama mu HSA, akaunti ya ku America yosungiramo ndalama zolipirira chithandizo cha kuchipatala popanda msonkho, ndimayamba ndaona inshulansi. Iyenera kukhala ya mtundu wa HDHP, kutanthauza inshulansi ya zaumoyo ya deductible yaikulu. Deductible ndi ndalama zimene umalipira wekha inshulansi isanayambe kukulipirira, ndipo mu 2026 isachepere $1,700 ngati ili ya munthu mmodzi, kapena $3,400 ngati ili ya banja. Ndisakhalenso pa Medicare, inshulansi ya boma imene makamaka ndi ya achikulire, ndipo pasakhale wina amene angathe kundilemba ngati dependent (munthu womudalira) pa msonkho wake. Chimene chimakola ambiri ndi FSA wamba (akaunti ina yolipirira zachipatala) ya mkazi kapena mwamuna wawo kuntchito. Popeza FSA imeneyo ingakulipirireni mankhwala, IRS, bungwe lotolera misonkho, imaiwerenga ngati inshulansi yachiwiri, basi simukuyeneranso kuika ndalama mu HSA.

Zikatha izi ndimapita pa malire a ndalama zoika pa chaka. Mu 2026 ndi $4,400 kwa munthu mmodzi, $8,750 kwa banja. Wa zaka 55 kupita m'tsogolo amawonjezera $1,000, koma mu akaunti ya dzina lake. Mwamuna ndi mkazi sangaunjike zowonjezerazi pamodzi.

Ndalamazi ndi za chaka chathunthu, choncho ndimawerenga miyezi imene ndinali woyenera pa 1 pa mwezi. Mwachitsanzo, HDHP ya munthu mmodzi ikayamba pa 1 July, imeneyo ndi miyezi 6, malire ndi $2,200. Zimene abwana aikamo zili mommo. Ngati aika $500, zanga zatsala $1,700. Zonse zodutsa kuntchito zimaoneka pa W-2, fomu ya malipiro yochokera kwa abwana, bokosi 12, pa chilembo W.

Pali lamulo loti wokhala woyenera pa 1 December angaike za chaka chonse. Ine ndimalikayikira, chifukwa muyenera kukhalabe woyenera mpaka 31 December chaka chotsatira. Mukasintha ntchito n'kutaya HDHP pakati, zimene munaika kupitirira miyezi imene munali woyenera zimadulidwa msonkho, n'kuwonjezanso chindapusa cha 10 peresenti. Achikulire samalani: mukalembetsa Medicare mutapitirira zaka 65, gawo lake la Part A limayamba kuwerengedwa kubwerera m'mbuyo mpaka miyezi 6, ndiye lekani kuika ndalama nthawi ikadalipo.

Zikapyola malire, ndimauza kampani yosunga akauntiyo kuti ibweze zopyolazo pamodzi ndi phindu lake tsiku lomaliza lopereka mafomu a msonkho lisanakwane, nthawi zambiri 15 April. Zikatsalamo zimadyedwa 6 peresenti chaka chilichonse, ndipo zimenezi zimalembedwa pa Form 5329. Pomaliza ndimadzaza Form 8889, fomu ya HSA, n'kuitumiza limodzi ndi Form 1040, fomu yaikulu ya msonkho.