Zikomo kwa amene munawerenga mafomu okanidwa aja

Makalata okana atafika, gulu lathu la eni mabizinesi ongoyamba kumene linangoti zii. Accelerator (bungwe lophunzitsa ndi kuika ndalama m'mabizinesi ongoyamba kumene) yomwe ambiri ankaidalira n'kutumizako mafomu sinatenge ndi mmodzi yemwe. Tikulemba kuthokoza akuluakulu amene munakhala pansi n'kuwerenga mafomuwo mzere ndi mzere osalipiritsa, ndiponso kuti zomwe munapeza zifike kwa ena amene sanalipo.

Tiyambe ndi inu amene munaletsa anthu kuyankha tsiku lomwelo, mtima udakali m'mwamba. Munasiyanitsa makalata awiri. Yokana munthu asanaitanidwe kukafunsidwa mafunso nthawi zambiri imakhala imodzimodzi kwa onse, ndipo kufufuzamo chifukwa n'kudzivuta. Yobwera pambuyo pa mafunso ndiye yofunika kusunga. Ku Y Combinator, accelerator ya ku America, mwachitsanzo, mafunso amatenga mphindi 10 zokha, ndipo okanidwa amalandira imelo yonena pomwe panakayikitsa ofunsawo. Yankho lake likhale mizere itatu: kuthokoza, funso limodzi ngati lilipo, basi. Kutsutsana nawo sikusintha kanthu. Pakatha miyezi itatu, mpamene muwalembere manambala atsopano.

Amayi owerengera ndalama, inu ndiye munagwira ntchito yaikulu, chifukwa mafomu ambiri anagwera pa manambala. Cholakwika chofala ndi kusakaniza ndalama zongodutsa m'manja ndi ndalama za bizinesi. Tiyerekeze kuti mumalumikiza alimi a tomato ndi ogula, katundu wa K5,000,000 amadutsa kwa inu pamwezi, ndipo mumadulapo 5 pa 100 iliyonse. Zanu ndi K250,000. Mukalemba mamiliyoni asanu ngati zolowa, wowerenga amazindikira msanga, ndipo zina zonse za pa fomu amayamba kuzikayikira. Chimodzimodzi kuwerenga anthu olembetsa ngati makasitomala. Amene anangoika pulogalamu pafoni n'kuiwala si kasitomala. Ofunika ndi amene analipira, komanso angati mwa iwo analipiranso mwezi wotsatira.

Vuto lina ndi la kwathu kuno. Ndalama za bizinesi zimalowa pa Airtel Money kapena Mpamba ya mwini, pomwe pamatulukanso za fizi, za chipepeso ndi za mayunitsi a magetsi. Akafunsa umboni wa malonda, munthu amangotulutsa zithunzi za mameseji. Mankhwala ake ndi nambala ndi akaunti ya bizinesi payokha, TPIN (nambala ya msonkho) ya ku MRA, ndi tebulo lodzazidwa mwezi uliwonse: zolowa, olipira, obwereranso, zotuluka. Miyezi isanu ndi umodzi yolembedwa chonchi imalankhula kuposa ndime khumi zofotokoza masomphenya.

Munatikumbutsanso za kwacha, zomwe ambiri sitinaziganizire. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 pa 100, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Bizinesi yomwe inkapeza K1,180,000 pamwezi inali ndi madola 1,000. Ikakula kufika pa K1,534,000, komwe n'kukula ndi 30 pa 100, pa mtengo watsopano imakhala ndi madola pafupifupi 900. Wowerenga ali ku London kapena ku California amaona bizinesi yomwe ikufota. Choncho lembani zonse ziwiri, kwacha ndi madola, nenani mtengo wosinthira womwe mwagwiritsa ntchito ndi tsiku lake, ndipo onjezani chiwerengero cha katundu wogulitsidwa, chifukwa matumba ndi makilogalamu sagwetsedwa ndi banki.

Funso lanu lowawa kwambiri linali lakuti, popanda ndalama za accelerator, mutha miyezi ingati? Samuyi ndi yaifupi. Ndalama zili m'thumba muzigawe ndi zomwe mumaluza pamwezi: K3,000,000 ndi kuluza kwa K500,000, ndi miyezi 6. Amene analemba antchito kapena kuchita lendi ofesi akudikira yankho ankawerengera madzi a mphutsi, ndipo kudula zimenezo kumayamba sabata yomweyo, osati ndalama zikatha.

Kwa abambo a zamalamulo, zikomo pofunsa za masheya, nkhani yomwe anzake apamtima amaopa kuiyamba. Mabizinesi ambiri alibe pepala lonena kuti ndani ali ndi gawo lanji. Mmodzi akagwa mphwayi kalata yokana itafika, amachoka ndi theka la kampani m'thumba. Njira yozolowereka ndi yakuti masheya azikhwima pang'onopang'ono kwa zaka zinayi, ndipo wochoka chaka choyamba chisanathe asatenge kanthu. Munachenjezanso othamangira kukalembetsa kampani ku Delaware, ku America, poganiza kuti ndicho chinawalepheretsa. N'zoona kuti Y Combinator imafuna kampani yaikulu ikhale ku America, Canada, Singapore kapena Cayman Islands, koma izi zimachitika munthu atatengedwa. Kuyambirira, mumangodziitanira msonkho wa chaka ndi chaka wolipira m'madola, ndipo kusowa kwa madola m'mabanki athu mukukudziwa.

Apa mpomwenso panaoneka kuti ena anapempha malo osawayenera. Y Combinator imaika madola 500,000, ndipo 125,000 mwa amenewo ndi ogulira magawo 7 pa 100 a kampani. Ofuna zotere amayang'ana bizinesi yotha kukula mofulumira m'maiko ambiri. Tony Elumelu Foundation, bungwe la ku Nigeria lothandiza amalonda a mu Africa, imapereka madola 5,000 a mpamba osatenga masheya. Wokonza chiponde amene akugulitsa bwino m'masitolo a m'boma lake ali ndi bizinesi yabwinobwino, kungoti khomo lake ndi lachiwirili, kapena oda yaikulu ya kasitomala mmodzi.

Achinyamata amene munaonera makanema otumizidwa limodzi ndi mafomu, tathokoza. Kanema wa mphindi imodzi safuna nyimbo kapena zokongoletsa, koma eni bizinesi akulankhula, mawu akumveka, chiganizo choyamba chikunena chomwe amagulitsa ndi amene amagula. Tsiku la mafunso, laputopu ikhale yodzaza moto ndipo pakhale mabandulo a manetiweki awiri.

Wina anatchula za Drew Houston, yemwe Y Combinator inamukana koyamba kenako n'kumutenga mu 2007 ndi bizinesi yake ya Dropbox, yosungira mafayilo pa intaneti. Nkhaniyi imatonthoza, koma otonthoza amaiwala kunena kuti ulendo wachiwiri anabwera ndi chinthu china. Fomu yakale yosinthidwa deti imabwereranso ndi yankho lakale.

Makolo, amuna ndi akazi apakhomo amene simunanene kuti “tinkanena ife”, ndi makasitomala amene munapitiriza kugula osadziwa n'komwe za makalatawa, zikomo kwambiri. Amene mukufuna kuti fomu yanu iunikidwenso, bwerani ndi fomu yakale monga munaitumizira, kalata yokana, masitetimenti a miyezi isanu ndi umodzi, ndi mayina a makasitomala atatu amene avomera kuimbiridwa foni.