Zimene ndaphunzira pakhonde la Mandala House

Teremu ino aphunzitsi athu a mbiri yakale anatiuza kuti aliyense asankhe nyumba imodzi yakale, akaione ndi maso, kenako alembe zimene nyumbayo ikunena za nthawi yake. Ine ndinasankha Mandala House ya mumzinda wa Blantyre. Ndinapitako Lachiwiri m'mawa, kope m'manja.

Nyumbayi inamangidwa mu 1882, ndipo imadziwika kuti ndi nyumba yakale kuposa zonse zachizungu zimene zikanalipo m'Malawi muno. Chakacho muchiganizire bwino. Mishoni ya Blantyre inali itangokwanitsa zaka 6, poti inayamba mu 1876. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chinali chisanamangidwe, ndipo ulamuliro wa Britain unadzalengezedwa mu 1891. Kunalibe boma la atsamunda, kunalibe polisi. Eni nyumbayi anali amalonda a African Lakes Company, kampani yomwe inayambira ku Glasgow mu 1878, ndipo kuno ankaiyendetsa abale awiri, John ndi Frederick Moir. John ankavala magalasi, anthu n'kumutcha Mandala. Dzinalo linapita kunyumba, kukampani, mpaka kudera lonselo.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi khonde. Poyamba ndinkaliona ngati malo amene azungu ankakhalapo pomwa tiyi madzulo, basi. Koma nditaima pansi pake n'kuyang'ana khoma, ndinakumbukira nyumba ya agogo anga kumudzi. Mandala House anaimanga ndi dothi, udzu ndi njerwa zoumitsa padzuwa. Aliyense wokulira m'nyumba ya zidina amadziwa kuti mdani wa khoma lotere ndi mvula yowomba cham'mbali. Agogo ankati khonde likafupika, khoma limadyeka m'munsi. N'chifukwa chake omanga anatambasula denga kutali ndi khoma, nsanamira zikulichirikiza, kuti madzi azigwera patali komanso dzuwa la mu Okutobala lisamalowe m'zipinda. Nyumba yosanjikiza, yadothi, yaima zaka zoposa 140. Ndinalemba m'kope kuti mapulani anali a anthu a ku Scotland, koma manja amene anaponda dothi ndi kuumba njerwazo anali akuno, odziwa kale khalidwe la dothi la kuno.

Funso lina linali lakuti, bwanji anamanga pamtunda pano osati m'mbali mwa mtsinje, pamene malonda awo ankadalira sitima? Yankho lili pa mathithi a Shire. Sitima zochokera ku Zambezi zinkathera kwa Katunga ku Chikwawa, chifukwa kumtunda kwake madzi ngosayendeka. Katundu ankatsitsidwa pamenepo, amtengatenga n'kusenza pamutu, kukwera naye phiri mpaka ku Blantyre, kenako kutsetsereka mpaka ku Matope kumene sitima ina inkadikira ulendo wa kunyanja. Nsalu ndi mikanda zinkakwera, minyanga ya njovu inkatsika. Mandala inali pakati pa njira imeneyi. Amene anakwerapo msewu wa ku Chikwawa pagalimoto akudziwa mmene chitunda chija chilili. Tsono ganizirani kuchikwera wapansi, mtolo uli pamutu.

Pamalopa panalinso pothawira. Mu 1884 Angoni a Maseko atawoloka Shire n'kudzathira nkhondo kumapiri kuno, anthu ambiri anakabisala kumishoni ndi ku Mandala. Zaka zochepa pambuyo pake, kuyambira mu 1887, kampani yomweyi inamenyana ndi Mlozi, wogulitsa akapolo wa ku Karonga, ndipo abale awiri aja onse anavulala pankhondoyo.

Apa m'pamene ndinavutika polemba. N'zoona kuti kampaniyi inalimbana ndi malonda a akapolo, ndipo zimenezo sindingazichepetse. Koma ndi yomweyonso imene inadzitengera malo aakulu kwambiri kumpoto kwa dziko lino, ndipo mapangano amene inkasainitsa mafumu anathandiza kutsegula njira ya utsamunda. Ndinayesa kusankha mbali imodzi kuti nkhani yanga iwongoke, zinakanika. Ndalemba zonse ziwiri.

Masiku ano pansi pali malo ogulitsira zojambula ndi zosema, komanso podyera. M'mwamba muli laibulale ya Society of Malawi, bungwe lomwe linayamba mu 1946 likutchedwa Nyasaland Society. Ndinakhala m'menemo mpaka masana ndikuwerenga za amtengatenga, ndipo gawo lachiwiri la ntchito yanga likhala la iwowo. Loweruka likubwerali ndikwera minibasi ya ku Chikwawa, ndikatsikire m'munsi mwa phiri, ndikaone kumene ulendo wawo unkayambira.